Snowblower yoti ndigule ndi iti? Fosholo yandikwana abale

Nachisale, Mishawaka:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno kozizira. Tinalowa mnyumba yathuyathu mu June, zaka zonsezi tinali ku apartment komwe sinowo amachotsa eni malo, ife kumangodzuka kupeza pakonzedwa kale. Nde lachiwiri lapitali kutagwa sinowo woyamba uja ndinadzuka 4 koloko kukagwira fosholo chifukwa shifiti yanga imayamba 6, abambo akunyumba ali pamsewu ndi thiraki amabwera pakatha masabata awiri. Ndinamaliza driveway yonse msana ukuyaka, ndikulowa mnyumba kuti ndisinthe zovala ndinangomva chigalimoto cha plow chokankha sinowo mumsewu chikudutsa, potuluka ndapeza chatseka polowera ponse ndi chimulu chofika mmaondo, cholimba ngati dothi la pachulu. Misozi inatuluka ndithu, kuntchito ndinachedwa ndi mphindi 40. Pano ndaganiza zogula snowblower, makina ochotsera sinowo, koma ndikalowa mmashopu a Menards kapena Lowe's makina ali ndandanda, ena a petulo ena a batire, mitengo nayo yosiyana kutali. Driveway ndi ya simenti, pamaima magalimoto awiri moyandikana, mlitali angakwane atatu mondondozana, kuphatikiza sidewalk yakutsogolo. Ndigule iti?

aPhiri, South Bend:
Pepani chemwali, tonse tinadutsa momwemo. Choyamba mudziwe dera limene mwagula nyumba. Sinowo wakuno si wofanana ndi wa ku Indianapolis ayi, ife tili mmphepete mwa Lake Michigan, mphepo yozizira ikachokera chakumpoto nkudutsa pamwamba pa madzi oti sanaundane imanyamula chinyontho chonse nkudzakhuthulira ife, ndi lake effect amanena ija. Pachaka timalandira mainchesi opitirira 60, ndipo umatha kugona panja pali pouma kudzuka galimoto yakwiririka. Aneba anga achikulire mpaka lero amakambabe za January 1978 pomwe kunagwa pafupifupi mafiti atatu. Nde musagule makina mukuganizira sinowo wa tsiku labwino. Gulani mukuganizira chimulu chakulizanicho, chifukwa chimenecho chizibwera nthawi iliyonse plow ikadutsa, ndipo chimakhala chosakanikirana ndi mchere ndi madzi, chikagona chimasanduka mwala.

Makinawa ali mitundu iwiri ikuluikulu. Single stage ili ndi zopalasira za labala kutsogolo, zomwezo zimakokolola pansi zomwezonso zimaponya sinowo. Ndi yopepuka, imasesa mpaka simenti kuoneka, koma sinowo akapitirira mainchesi 8 kapena akakhala wonyowa imayamba kutsamwa, pachimulu paja mumachita kulimbana nayo. Two stage ili ndi auger yachitsulo yomwe imatafuna nkukankhira mkati, kumbuyo kwake kuli impeller yozungulira mwaliwiro yomwe imaponya kutali, ndipo imayenda yokha ndi magiya inu kumangowongolera. Pa driveway ngati yanuyo two stage ya mainchesi 24 yakwana, musatengeke ndi za 30 zija, mgalaja mudzasowa poyiika.

Nangozo, Calgary:
Ine ndikuti musathawe za batire achemwali. Yanga ndi EGO, chaka chachitatu chino, palibe petulo palibe oyilo palibe kukoka chingwe, ndimangodina batani basi yayamba. Komanso poti mumadzuka 4 koloko ganizirani aneba, ya petulo imasokosa ngati chigayo, yanga anthu sadziwa nkomwe kuti ndili panja. Kuno city imatipatsa maola 24 sinowo akasiya kugwa kuti sidewalk ikhale yochotsedwa, nde ndimatuluka pafupipafupi, sinandikhumudwitsepo.

aBanda, Minneapolis:
Nangozo mukunena zoona koma sinowo wanu wa ku Calgary nthawi zambiri ndi wouma wopepuka ngati ufa, komanso mphepo yofunda ya chinook ikawomba amasungunuka yekha. Za batire zapita patsogolo sindikana, ziliponso za two stage zamphamvu ndithu, koma sinowo wolemera amamaliza batire msanga ndipo likathera pakati pa driveway 5 koloko mmawa mulibe chochita koma kudikira litchajike. Mabatire owonjezera ndi okwera mtengo kwambiri. Komanso sagona mgalaja mozizira, muzilowa nawo mnyumba, ndipo osatchaja batire loti langochoka panja lili zii, liyambe lafunda kaye. Ngati thumba likulola kugula two stage ya batire ndi mabatire anayi, gulani simudzadandaula. Ngati ayi, petulo.

Nangozo, Calgary:
Pa mtengo wa mabatire pokhapo ndavomera. Ine zinandiphwekera poti makina otchetchera kapinga ndi a kampani yomweyo, mabatire ndimangosinthanitsa.

aMwale, Berrien Springs:
Kwa ena amene akuwerenga, ngati driveway yanu ndi ya timiyala osayerekeza single stage. Labala uja amakhudza pansi nde amatola mwala uliwonse nkuuponya ngati legeni. Ine chaka changa choyamba ndinaswa galasi lakumbuyo la galimoto yanga yomwe, mwayi ana anali mnyumba. Two stage ili ndi tizitsulo tiwiri mmbali totchedwa skid shoes, mumatitsitsa kuti kamwa ya makina ikwere pafupifupi inchesi imodzi, iziyandama pamwamba pa miyala. Inu Nachisale poti ndi simenti zimenezi sizikukhudzani kwenikweni.

Nachisale, Mishawaka:
Zikomo nonse. Nkhawa yanga ndi kulemera kwake, ndinayesa kukankha imodzi mushopu sinasunthe. Komanso chingwe chokoka chija, jenereta ya kumudzi inkandikanika kuliza.

aPhiri, South Bend:
Mushopu inali yozima nchifukwa chake. Ikalira imadzikoka yokha, muli magiya opita kutsogolo angapo ndi obwerera mmbuyo. Chovuta ndi pokhota basi, nde funsani yokhala ndi chothandizira kukhota, Ariens amati Auto-Turn, makampani ena amaika timatrigger pansi pa zogwirira. Za chingwe musadandaule, zambiri zili ndi electric start, mumalumikiza extension kukhoma, kudina batani, ikalira nkuzula waya. Ine yanga ndi Ariens, anthu amenewa fakitale yawo ili ku Brillion ku Wisconsin, sinowo amamudziwa. Toro nayo ndi ya ku Minnesota, yabwino. Honda ndiye mapeto koma mtengo wake ndi wina. Chachikulu gulani mtundu woti masipeya ake mungawapeze pafupi, chifukwa tsiku lina lamba adzaduka ndipo adzaduka tsiku la sinowo.

aNkhoma, Elkhart:
Koma bwanji osangolipira anyamata a ma pickup aja azikuchotserani nyengo yonse? Ine ndimatero, mutu suwawa.

Nachisale, Mishawaka:
Ndinawafunsa kale anyamata awiri, achimwene. Awiri onse anati amafika malinga ndi mndandanda wawo, mwina 7 mwina 9, ine 5:30 ndiyenera kukhala nditatuluka. Odwala sadikira.

aNkhoma, Elkhart:
Apo nde ndamva, gulani yanu basi.

Nachisale, Mishawaka:
Pa Facebook Marketplace ndaona two stage ya mainchesi 24, munthu akuti $400, wagwiritsa ntchito zaka zisanu akusamukira kotentha. Zakaunjika zotere nzodalirika?

aBanda, Minneapolis:
Zodalirika kwambiri mukadziwa poyang'ana, makinawa pachaka amagwira ntchito maola ochepa chabe nde injini yake siimatha msanga. Muwauze asailize musanafike, mukafika gwirani injini ndi dzanja muone ngati ili yozizira, chifukwa injini yotentha imalira msanga olo ili ndi matenda. Ilire inu mukuona. Ikalira atsegule choke yonse, imveke mawu amodzi osalala, ikamakwera nkutsika, kukwera nkutsika, kapena ikamafuna choke kuti isazime, ndiye kuti kabuleta ndi yakuda. Limenelo si vuto lalikulu koma likuthandizeni kutsitsa mtengo. Solomolani dipstick muone oyilo. Yesani magiya onse ndi rivesi yomwe, ikamazengereza ndi friction disc yatha, kachiwilo ka labala kamkati. Kenako izimitseni, chotsani kiyi, mugwedeze auger ndi dzanja mbali iliyonse. Iyenera kusewera pang'ono pa shaft yake. Ikakhala gwa osasuntha olo pang'ono ndiye kuti dzimbiri lamatirira auger ku shaft, imeneyo isiyeni, chifukwa shear pin, kabauti kothyoka dala poteteza magiya, singathenso kugwira ntchito yake ndipo tsiku mudzagunde chinthu chidzasweke ndi giyabokosi. Suzumiraninso pansi, chitsulo chopalira simenti cha kunsi kwa kamwa ya makina ndi skid shoes zikatha anthu ena amapitirizabe mpaka bodi yeniyeni kudyeka, imeneyonso ayi.

Nambewe, Indianapolis:
Ndilowererepo pang'ono poti nkhani ya kugwira auger yatchulidwa. Ine ndimagwira ku emergency, ndipo nyengo ino ikafika timadziwiratu zomwe zikubwera. Chaka chatha anabwera bambo wina dzanja atakulunga thaulo la kukhitchini, glove ikadali konko, titaidula tinapeza zala ziwiri zapakati nsonga zake palibe. Ankangobwereza kuti koma ndinali nditazimitsa, ndinali nditazimitsa. Ndipo sankanama. Sinowo wonyowa akatseka chute, paipi yotulukira sinowo, impeller imaima ili yokakamizika, lamba ali chikokere, nde mukangochotsa chotsekacho imazungulira kamodzi mwamphamvu olo injini ili chete, kamodzi komweko nkokwanira. Chonde abale anga dzanja lisalowe mu chute kapena kutsogolo, zivute zitani. Makina atsopano amabwera ndi kandodo ka pulasitiki komangirira pamwamba, ngati palibe tengani mpini wa tsache. Siyani zogwirira, zimitsani, dikirani zonse ziime, nde muzitokosa ndi ndodo. Sikafu yolendewera ndi zingwe za jekete zilowe mkati. Komanso osaliza injini mgalaja chitseko chili chotseka, utsi wake uli ndi carbon monoxide yomwe siinunkha, mumangomva mutu ndi tulo. Nachisale mwachita bwino kuisiya fosholo, sinowo wolemera pa 4 koloko mmawa thupi lisanadzuke amalemetsa mtima, azibambo ambiri timawalandira ndi zimenezo.

aMwale, Berrien Springs:
Zikomo amayi, ine ndakhala ndikulowetsa dzanja ndikazimitsa, ndimayesa zili bwino. Ndasiya lero.

aMbewe, Buffalo:
Moni kuchokera kuno kwa eni sinowo. November 2022 madera akummwera kwathu ngati Orchard Park analandira mafiti opitirira 6 mmasiku ochepa, kenako Khirisimasi yake kunabweranso chimphepo chija chomwe chinapha anthu ambiri. Chomwe ndinaphunzira nchoti sinowo wambiri sumudikira athe. Olo makina akhale aakulu bwanji, akapitirira kamwa yake mumangoboola una. Ndimatuluka akafika mainchesi 6 kapena 8, kuchotsa, kulowa kumwa tiyi, kutulukanso. Chimulu cha plow chichotseni chikadali chatsopano, muzichidya pang'onopang'ono theka la kamwa pa giya yoyamba, osathamanga. Ponyani motsatira mphepo osati molimbana nayo, apo ayi zonse zibwerera kumaso. Kukakhala bata yambani pakati pa driveway muziponya mbali zonse ziwiri. Osaponyera mumsewu, mizinda yambiri amalipiritsa. Ndipo mukamaliza zungulirani nyumba muone mapaipi a furnace yotenthetsa mnyumba otulukira kukhoma ngati sanakwiririke, amenewo akatsekeka utsi umabwerera mnyumba.

Nachisale, Mishawaka:
Ndabwerako abale, ndagula. Ndinapita ndi aPhiri ndi pickup yawo, Mulungu awadalitse. Auger ikusewera bwino, magiya onse akugwira, koma imachita zokwera nkutsika zija aBanda ananena nde tinagwirizana $340. Mwini wake anavomera kuti petulo ali mthanki ndi wa chaka chatha.

aBanda, Minneapolis:
Ndimadziwa. Pa makina khumi omwe anthu amandibweretsera mu November kuti sakulira, pafupifupi onse nkhani yake ndi imeneyo, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse chifukwa mukapagwira apa makinawo mukhala nawo zaka zambiri. Petulo wapa pampu kuno amasakaniza ndi ethanol 10 peresenti. Ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya, ndipo petulo akakhala mwezi umodzi kapena iwiri amayamba kuwonongeka, mbali yopepuka imauluka kutsala zomata ngati manyuchi. Mu kabuleta muli kabowo kochepa ngati kuboola ndi singano komwe petulo amadutsa, nde tangoganizani manyuchi aja atakhalamo kuyambira March mpaka November. Ndi matenda omwe aja a majenereta kumudzi, magetsi akakhala bwino miyezi ingapo tsiku lozima jenereta yakana.

Chitani izi. Khuthulani petulo yense wakaleyo. Pansi pa kabuleta pali kambale kachitsulo komangidwa ndi bauti imodzi, tsekani kampopi ka petulo, masulani, muona zachikasu kapena zobiriwira pansi pake. Tsukani ndi carb cleaner ya mchitini, poperani mu jet ndi timabowo tonse, chenjerani ndi kalabala kozungulira kaja kasaduke. Zikakanika kabuleta yatsopano ya injini zimenezi siidula, osataya makina chifukwa cha icho. Kuyambira pano gulani petulo wochepa, galoni imodzi kapena awiri, ndipo muzithira stabilizer, mankhwala oteteza petulo kuti asawonongeke, ngati Sta-Bil mchigubu tsiku lomwelo mwagula osati pakatha miyezi, petulo wowola kale sachira. Mukapeza filling station yogulitsa wopanda ethanol ndiye bwino koposa. Koma pampu yolembedwa E15 kapena Unleaded 88 ithaweni, siya injini zazing'ono.

Oyilo sinthani pompano poti simukudziwa anasintha liti, 5W-30, synthetic amathandiza kulira msanga kukazizira. Lizani injini mphindi zochepa oyilo afunde nde mukhuthule. Kenako kamodzi pachaka basi. Pulagi nayo sinthani, ndi yotchipa. Air filter musavutike kuifuna, makina ambiri a sinowo alibe.

aPhiri, South Bend:
Zonse ndikugwirizana nazo. Ndingoonjeza za mu April poimika makina, ine ndimadzaza thanki ndi petulo wa stabilizer, kuliza mphindi zisanu, kutseka kampopi nkuisiya izime yokha. Thanki yachitsulo ikakhala yopanda kanthu imachita dzimbiri mkati.

aBanda, Minneapolis:
Apo timasiyana pang'ono akulu. Ine ndimakhuthula zonse mpaka kambale ka kabuleta kuuma, makamaka thanki ikakhala ya pulasitiki. Koma njira yanuyo imagwiranso, poti kabuleta mwaiumitsa potseka kampopi. Cholakwika ndi kungoikankhira pakona ndi theka la thanki la petulo wamba nkuiwala.

aPhiri, South Bend:
Zaka 14 yanga ikulira kamodzi nkamodzi, nde sindisintha. Koma Nachisale thanki yanu ndinaiona ndi yachitsulo.

Nangozo, Calgary:
Mwaona zomwe ndimanena zija, ine zonsezi sindizidziwa. Koma mwagula bwino achemwali, mtengo umenewo kuno simungaupeze.

Nachisale, Mishawaka:
Abale ndabweranso patatha masabata atatu. Kabuleta tinatsuka ndi mwana wanga wamkulu tikuonera pa YouTube, mkambale muja munalidi zobiriwira ngati ndere, pano ikulira bwinobwino. Usiku wathawu kwagwa mainchesi ngati 9, ndinatuluka 4:30, choke, kudina primer yopopera petulo katatu, batani, yalira. Chimulu cha plow chija inachidya ndikuona ndi maso angawa, sinowo akuuluka mpaka pakati pa kapinga, mumtima munali chimwemwe chosaneneka. Koma nditafika pafupi ndi sitepe ya pakhomo ndinamva phokoso lakuti gu, kenako mbali yakumanja yasiya kutafuna, ikungokankha sinowo ngati bulldozer pomwe yakumanzere ikuzungulira. Ndinazimitsa, ndinatenga mpini wa tsache monga ananenera Nambewe, ndapeza kamphasa kopukutira mapazi kakulungika mkati. Ndaononga makina?

aMbewe, Buffalo:
Simunaononge kanthu, shear pin yaduka ndipo yagwira ntchito yomwe anaipangira. Ndi kabauti kofewa komwe kamamanga auger ku shaft, anakapanga dala kuti kazithyoka mukagunda chinthu cholimba kuti giyabokosi ipulumuke. Chotsani kiyi ndi waya wa pulagi, dulani kamphasako ndi mpeni muzikoka ndi pulayala, zungulizani auger mpaka mabowo ayang'anizane, gogodani chotsalira chituluke nkulowetsa yatsopano. Mphindi khumi. Koma chonde osaikapo bauti wamba ya mgalaja olo ikwane bwanji, imeneyo siithyoka, chothyoka chidzakhala magiya. Tengani model number ili pa sticker kumbuyo kwa makina mukagule zake zenizeni, mugule zinayi kapena zisanu muzisunga mkachikwama pamodzi ndi masipanala ake.

aMwale, Berrien Springs:
Ine inandidyera nyuzipepala youndana, chaka china waya wa magetsi a Khirisimasi. Pano akangolengeza sinowo ndimayenda driveway yonse madzulo kutola chilichonse, mphasa, zidole za ana, hosepipe. Zikaninso timitengo ta orange tija mmbali mwa driveway nthaka isanaundane, kuti muzidziwa pothera simenti.

aBanda, Minneapolis:
Pomwe pin yatulukapo gwiritsani mwayi, zungulizani auger pa shaft ndipo ngati pali ma nipple a girizi poperanimo, dzimbiri lija lisapeze malo. China, mukamaliza ntchito musazimitse nthawi yomweyo, isiyeni auger izungulire mphindi imodzi itaye zotsalira, kenako sesani mkati ndi burashi. Madzi akaundana kuseri kwa impeller usiku, mmawa mukakanikiza chogwirira lamba amapsa, mumangomva fungo la labala. Lamba wa auger wapadera mukhale naye mnyumba. Sinowo akakhala wonyowa poperani silicone mu chute musanayambe, amatsetsereka bwino.

Nachisale, Mishawaka:
Pin ndagula pochokera kuntchito, ndaika, mbali zonse zikuzungulira. Kuntchito ndinafika 5:50, kotsalako ndinamaliza ndi fosholo poti kanali kochepa. Ndinachotsanso sidewalk ya agogo oyandikana nafe, amakhala okha. Funso lomaliza, ikumasiya kasinowo kochepa pansi komwe kakuundana galimoto ikapondapo, komanso ikukokera kumanzere.

aPhiri, South Bend:
Kukokera mbali imodzi yambani mwayeza mpweya, tayala limodzi likhala lafwa pang'ono, onse awiri akhale ofanana. Zosiya sinowo ndi skid shoes zatsika kwambiri kapena sizili mulingo umodzi. Imikani makina pa simenti yosalala mgalaja, lowetsani katoni yopyapyala pansi pa chitsulo chopalira chija mbali zonse ziwiri, masulani mabauti a skid shoes zigwe zokha zikhudze pansi, mangani, chotsani katoni. Mpata wake ukhale wochepa choncho, kuti isamakodwe mmalumikizidwe a simenti. Loweruka ndikudutsa chakumeneko ndi amayi akunyumba tikupita kushopu ya Meijer, ndidzera ndi geji ya matayala ndi girizi. Mnyamata wanuyo akhalepo aone mmene timachitira.

Nachisale, Mishawaka:
Akhalapo malume. Bwerani cha mma 10, mudzapeza tiyi ndi mandasi.